Matti Pellonpää: Nkhope ya Anthu Wamba m'Mafilimu a ku Finland

Matti Pellonpää, yemwe anabadwira mumzinda wa Helsinki pa 28 Malichi 1951 n'kumwalira ku Vaasa pa 13 Julayi 1995 ali ndi zaka 44 zokha, ndi mmodzi mwa akatswiri a zisudzo amene anachititsa kuti mafilimu a ku Finland, dziko lomwe panthawiyo linali ndi anthu pafupifupi 5 miliyoni, ayambe kuonetsedwa ndi kukambidwa m'mayiko akutali. Luso lake silinali la kukweza mawu kapena kukhetsa misozi pamaso pa kamera, koma la kudziletsa, moti munthu wosauka amene iye ankamusewera ankaoneka kuti ali ndi ululu waukulu mumtima koma sakupempha aliyense kuti amumvere chisoni.

Ntchito ya zisudzo anaiyamba ali mwana mu 1962, pamene ankachita masewero a pa wailesi ya dziko lonse ya Yleisradio. Atakula anachita zisudzo m'magulu a anthu ongodzipereka, kwinaku akuphunzira pa sukulu ya zisudzo ya ku Helsinki, kumene anamaliza maphunziro ake mu 1977. Analinso m'gulu la Ryhmäteatteri, lomwe ndi limodzi mwa magulu odziimira paokha amene anabuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pofuna kuchita zisudzo kunja kwa nyumba zikuluzikulu za boma ndi za mizinda. M'magulu otere wosewera aliyense amaphunzira kumvetsera mnzake ndi kusadzikundikira ulemu, ndipo khalidweli linaonekera bwino m'mafilimu ake onse, chifukwa Pellonpää ankadziwa kukhala chete m'njira yoti mawu a mnzake amveke.

Moyo wake unasintha atakumana ndi anyamata awiri apachibale, Mika ndi Aki Kaurismäki, omwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anayamba kujambula mafilimu ndi ndalama zochepa pogwiritsa ntchito anzawo okhaokha. Mu 1982 anasewera Manne mufilimu ya Mika yotchedwa Arvottomat, ndipo chaka chotsatira anaonekera mu Rikos ja rangaistus, filimu yoyamba ya nkhani yopeka imene Aki anatsogolera, yochokera m'buku la Dostoevsky. Wotsogolera filimu ndi munthu amene amasankha mmene chochitika chilichonse chijambulidwire ndi mmene osewera alankhulire, ndipo Aki Kaurismäki amadziwika ndi lamulo lake loti osewera alankhule mawu ochepa, asagwedeze manja mwachisawawa ndiponso asaonetse zakukhosi pankhope. Kwa osewera ambiri lamulo lotere ndi goli, koma kwa Pellonpää, ndi masharubu ake ogwa, tsitsi losalazira kumbuyo ndi maso ooneka otopa, linali mpata woonetsa zimene ankatha kuposa wina aliyense.

Umboni waukulu wa zimenezi ndi filimu ya mu 1986 yotchedwa Varjoja paratiisissa, momwe iye ndi Nikander, woyendetsa galimoto yotola zinyalala mu Helsinki. Mnzake wa kuntchito, bambo wachikulire amene ankafuna kuyambitsa kampani yakeyake, akugwa n'kumwalira ali pantchito, ndipo Nikander akutsala ndi moyo wa kudzuka m'bandakucha, kunyamula migolo ya zinyalala ndi kudya yekha madzulo. Tsiku lina akulowa m'sitolo dzanja lake likutuluka magazi, ndipo Ilona, mayi wolandira ndalama amene anaseweredwa ndi Kati Outinen, akumumanga bala lija popanda mawu ambiri. Atalimba mtima n'kumupempha kuti akacheze, Nikander akupita naye kunyumba yosewerera bingo, masewera a mwayi omwe anthu amachonga manambala papepala, ndipo mayiyo akunyong'onyeka n'kuchoka. Chimene chimakhudza mtima pamenepa n'chakuti Pellonpää sachititsa woonera kuseka kusadziwa kwa Nikander, koma amaonetsa kuti munthuyu wapereka chinthu chabwino koposa chimene akuchidziwa. Filimuyi inalandira mphoto ya Jussi, yomwe ndi ulemu waukulu wa mafilimu ku Finland kuyambira 1944.

Anaseweranso mkaidi Mikkonen mu Ariel ya mu 1988, ndi Vladimir, woyang'anira wankhanza wa gulu la oimba, mu Leningrad Cowboys Go America ya mu 1989, momwe anasonyeza kuti nthabwala ankazithanso popanda kumwetulira. Iye mwini ankaimba m'gulu lotchedwa Peltsix, dzina lochokera ku Peltsi, lomwe anzake ankamuitanira.

Anthu a kunja ambiri anamudziwa mu 1991 kudzera mu Night on Earth, filimu ya Jim Jarmusch wa ku America yofotokoza maulendo asanu a pa takisi m'mizinda ya Los Angeles, New York, Paris, Rome ndi Helsinki usiku umodzi. M'gawo lomaliza Pellonpää ndi dalaivala Mika, amene wanyamula amuna atatu oledzera, awiri mwa iwo akudandaula za mnzawo wogona yemwe wachotsedwa ntchito ndipo banja lake likusokonekera tsiku lomwelo. Dalaivalayo akuwayankha pofotokoza za mwana wake wamkazi amene anabadwa masiku asanakwane n'kumwalira patapita kanthawi kochepa, ndipo nkhani yonseyi akuinena maso ali pamsewu wa chipale chofewa, manja ali pachiwongolero, mawu osakwera kapena kutsika. Ndi osewera ochepa kwambiri amene angasenze nkhani yolemera chotero popanda kuigulitsa ndi misozi, ndipo gawoli ndi limene limapatsa filimu yonseyo kulemera kwake.

Chaka chotsatira anasewera Rodolfo mu La Vie de Bohème, filimu yopanda mitundu imene Aki Kaurismäki anajambula ku France m'Chifalansa potengera buku la Henri Murger. Rodolfo ndi wojambula zithunzi wochokera ku Albania, wokhala ku Paris popanda zikalata zomuloleza, amene akuthamangitsidwa m'dzikomo n'kubwereranso mozemba chifukwa cha chikondi chake pa mayi wotchedwa Mimi. Chifalansa chake chinali cholemera ndi kalankhulidwe ka kwawo, koma zimenezi zinayenerana ndi mlendo wosauka amene ankamusewera, ndipo mu 1992 anapatsidwa mphoto ya Felix monga wosewera wamwamuna wopambana mu Ulaya monse.

Imfa yake, yomwe inadza chifukwa cha matenda a mtima, inamupeza Aki Kaurismäki akukonzekera filimu ya Kauas pilvet karkaavat, yonena za ulova umene unakantha Finland pa mavuto a zachuma a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pellonpää ndiye amayenera kusewera mkulu wa operekera zakudya mulesitilanti yomwe ikutsekedwa, koma atamwalira nkhaniyo inalembedwanso kuti udindowo ukhale wa mayi, ndipo unapatsidwa kwa Kati Outinen, pamene Kari Väänänen anasewera mwamuna wake, woyendetsa sitima ya mumsewu yoyendera magetsi amenenso wachotsedwa ntchito. Filimuyi inatuluka mu 1996 yoperekedwa pokumbukira iye, ndipo chithunzi cha mwana womwalira wa banjalo chimene chimaoneka pa shelefu m'nyumba mwawo ndi cha Pellonpää ali wamng'ono. Outinen anapitiriza kaseweredwe kamene iye ndi Pellonpää anakakulitsira limodzi, mpaka mu 2002 analandira mphoto ya wosewera wamkazi wopambana pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes chifukwa cha Mies vailla menneisyyttä, filimu inanso ya Aki Kaurismäki yonena za anthu osowa pokhala a mumzinda wa Helsinki.