Khola la Nkhukundembo ndi Udindo Wathu pa Zolengedwa



Lero tikambe za khola la nkhukundembo. Musadabwe ai. Buku la Genesis, mutu 2, litiphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda osati kuti aulime kokha, komanso kuti ausunge. Malemu Papa Francis anatikumbutsa zomwezo m'chaka cha 2015 m'kalata yao ija ya Laudato Si'.

Mbalame imeneyi kwao ndi ku Mexico, ndipo inafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Pambuyo pake amalonda a ku America anaŵeta mtundu woyera wotchedwa Broad Breasted White, wa chidali cholemera kotero kuti tambala sathanso kukwera thadzi; popanda dzanja la munthu mbalamezo sizingaswane. Mitundu yamakolo, monga Narragansett ndi Bourbon Red, inatsala pang'ono kutha. Poŵerenga m'chaka cha 1997 anapeza zoswana 1,335 zokha m'dzikomo. Onani, abale, kumene dyera limafikitsa cholengedwa cha Mulungu!

Zamakolozo zimaswana zokha, zimadzifunira udzu ndi ziwala pabwalo, ndipo zimakula pang'onopang'ono, milungu 26 kufikira 28. Nkhukundembo zoyendayenda m'midzi mwathu zili ndi makhalidwe omwewo. Tsono khola labwino ndi limene litsata chibadwa cha mbalameyo, losasautsanso nthaka ndi mitengo.

Choyamba, tisankhe malo okwera, osadikha madzi, kutali ndi khola la nkhuku. Njoka za m'matumbo mwa nkhuku zimanyamula kachirombo koononga chiŵindi. Nkhuku imapirira, koma nkhukundembo imafa nako.

Chachiŵiri, timange ndi zidina, nsungwi ndi udzu. Njerwa zootcha zimatha nkhuni, pamene nsungwi ukadula imaphukanso. Denga la udzu limaziziritsa m'kati nthaŵi ya chilimwe. Pansi pa denga tisiye mipata yotchinga ndi waya, kuti mpweya uziloŵa koma vumbwe alephere.

Chachitatu, tipingase mitengo yokhuthala m'mwamba, pakuti mbalameyi chigonere imagona pamwamba. Tikaimana pogona, idzathaŵira mu mtengo wa mango, ndipo kumeneko mbala siivutika.

Chachinai, pansi tiyale mankhusu a mpunga kapena utuchi wouma. Zimenezi zimamwa chinyezi, ndipo zikasakanizika ndi zitosi n'kuolerana zimasanduka manyowa a kudimba. Motero khola lidyetsa munda, munda nudyetsa khola.

Chotsiriza, tipatule kachipinda kofunda ka thadzi lofungatira. Mazira amaswa patapita masiku 28, ndipo anapiye ake ndi ofooka kuposa a nkhuku. Mame ndi mvula zimaŵapha msanga. Tsono asatuluke dzuŵa lisanaumitse udzu.

Mwina wina ati, miyezi isanu ndi umodzi yachuluka. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Banja lodekha lidzadya nyama pa Khrisimasi, lidzagulitsa zina kuti mwana apite ku sukulu, ndipo mbeu idzatsala m'khola ya chaka chamaŵa. Inu akatekisiti, kambiranani zimenezi m'miphakati, kuti ana athu adziŵe kuti chiŵeto si chuma chabe, koma mphatso imene tidzayankhapo pamaso pa Mwini wake.

Mulungu Mphambe akudalitseni inu, mabanja anu ndi ntchito za manja anu. Amen.