Mawaya owongola mano amene amabisala kuseri

Anthu ambiri akamva za ma braces amaganiza za mwana wasukulu amene mano ake akutsogolo akunyezimira tizitsulo. N'chifukwa chake akuluakulu ambiri a mano opingasa amangoti "nthawi inandidutsa." Mphunzitsi, loya, wowerenga nkhani pa kanema, onsewa amadya ndi pakamwa pawo, ndipo sangafune kuti kwa zaka ziwiri anthu azingoyang'ana waya m'malo momva zimene akunena. Kwa anthu otere kuli njira imene yakhalapo kuyambira m'ma 1970, yotchedwa lingual braces. Tizitsulo ndi waya zimamatidwa kuseri kwa mano, mbali ya lilime, moti munthu akhoza kuseka mpaka mano onse kuonekera popanda woona kanthu.

Kawongoledwe kake n'kofanana ndi ka mawaya akutsogolo. Pakati pa muzu wa dzino ndi fupa la nsagwada pali timinyewa tosaoneka bwino ndi maso. Waya ukamakankha dzino pang'onopang'ono, fupa la mbali imene dzinolo likulowera limadyeka, ndipo kumbuyo kwake kumamera fupa latsopano. Ntchitoyi siifuna phuma. Kawirikawiri imatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, nthawi zina kupitirira.

Kale madokotala ankaveka dzino lililonse mphete yachitsulo, ndipo panalibe chobisa. Zinthu zinayamba kusintha mu 1955 pamene Michael Buonocore wa ku America anapeza kuti kupaka asidi pang'ono pa dzino kumachititsa kuti zomatira zigwire nganganga. Patapita zaka pafupifupi 20, madokotala awiri, wina ku Japan wina ku America, anaganiza zomata tizitsuloto kumbuyo, aliyense payekha. Kinya Fujita wa ku Kanagawa Dental University sankaganiza kwenikweni za maonekedwe. Ankafuna kuteteza ochita masewera omenyana, amene milomo yawo inkang'ambika akamenyedwa pa waya. Craven Kurz anali ku Beverly Hills, kumene nkhope ndiyo chuma cha munthu, ndipo anagwira ntchito ndi kampani ya Ormco kuti tizitsulo take tifike pamsika.

Kumbuyo kwa mano sikophweka ngati kutsogolo. Kutsogolo mano amakhala osalala ndiponso ofanana, pamene kumbuyo dzino lililonse lili ndi maenje ndi zitunda zakezake, ndipo mano akumasaya ndi okhuthala kuposa akutsogolo. Waya wowongoka sungadutse bwino pamenepo. Fujita anaupinda m'mbali kuti utsate mzere wa manowo, ndipo m'nkhani imene anasindikiza mu 1979 anaufotokoza kuti ndi waya wooneka ngati bowa. Vuto lina n'lakuti tizitsulo ta kumbuyo timayandikana kwambiri, choncho waya umauma ndipo kulakwitsa pang'ono kumapotoza dzino kwambiri. Dokotala nayenso amagwira ntchito atawerama, akusuzumira pamalo opanikizika.

Ku America njirayi inatchuka mofulumira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Madokotala ambiri anaithamangira atangophunzira mwachidule, zotsatira zake zinakhumudwitsa odwala, ndipo tizitsulo ta mtundu wa mano ta kutsogolo titabwera, ambiri anaisiya. Ku Europe ndi ku Asia ndi kumene anapitiriza kuikonza moleza mtima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Dirk Wiechmann wa ku Bad Essen m'dziko la Germany anayamba kupanga tizitsulo ta munthu aliyense payekha. Amatenga chithunzi cha mano, kompyuta n'kujambula kachitsulo kogwirizana ndendende ndi kumbuyo kwa dzino lililonse, makina n'kupinda waya. Njira yake ya Incognito, ya tizitsulo tosakaniza ndi golide, inagulidwa ndi kampani ya 3M mu 2008. Mbiri imeneyi ndimaiona yofunika kuposa malonda alionse, chifukwa chimene chinagwetsa njirayi poyamba sichinali chitsulo koma manja osazolowera.

Amene amalipira mtengo woyamba ndi lilime. M'masabata oyambirira limakhula tizitsulo mpaka kutuluka tizilonda, ndipo odwala amapatsidwa phula loti azimata pamalo opweteka. Kulankhula nakonso kumasokonekera. Tikamatchula s, z, t ndi ts, nsonga ya lilime imafuna malo a kuseri kwa mano akumwamba, malo amene tsopano pali chitsulo. Mawu ngati "tsiku" kapena "zikomo" amatuluka ndi kamluzu. Ambiri amazolowera pakapita milungu ingapo, koma munthu amene ntchito yake ndi yolankhula ayenera kuuzidwa zimenezi asanavomere, kuti asankhe nthawi yabwino yoyambira. Kutsuka kumafunanso khama, poti zakudya zimakanirira pamene diso silifika, ndipo nkhama zimatupa ngati mswachi ukungodutsa pamwamba.

Ubwino wa njirayi suthera pa kubisika. Mawaya akutsogolo akachotsedwa, ena amatsala ndi timadontho toyera pa mano, chizindikiro choti dzino linayamba kudyeka mozungulira kachitsulo. Kumbuyo timadontho totere sitichitika kawirikawiri chifukwa malovu ndi lilime zimatsukako, ndipo ngakhale titachitika sitioneka. Oimba malipenga nawonso amapeza mpumulo chifukwa milomo yawo siipanikizika pa chitsulo. Ndipo mosiyana ndi timapulasitiki toonekera mkati ta Invisalign, timene timagwira ntchito pokhapokha munthu atativala pafupifupi maola 22 pa tsiku, mawaya a kumbuyo sadalira kukumbukira kwa wodwala.

Mtengo wake ndi wokwera kuposa wa mawaya wamba kulikonse kumene amapezeka, kaya ku Johannesburg kapena ku London, chifukwa cha ntchito ya mu labotale ndi nthawi imene dokotala amathera pa wodwala mmodzi. Kuno ku Malawi, kumene maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya KUHeS, akatswiri owongola mano akadali ochepa kwambiri. Amene akuganiza zokaikitsa kunja afunse kaye kuti dokotalayo wathandizapo anthu angati mwa njira imeneyi, komanso kuti adzamuona ndani kachitsulo kakamatuka ali kwawo, popeza waya umafunika kuonedwa milungu ingapo iliyonse.

Mawayawa akachotsedwa, mano amayesa kubwerera kumene anachokera. Choncho dokotala amamata kawaya kena kopyapyala kuseri kwa mano akutsogolo, kapena amapereka chipangizo chovala m'kamwa usiku, ndipo ambiri amalangizidwa kukhala nacho kwa zaka zambiri, ena moyo wonse.