Maola a Chipolishi amene makolo amafuna achotsedwe

Ku Warsaw, Kraków, Wrocław ndi mizinda ina ikuluikulu ya ku Poland kuli sukulu za pulayimale zolipira zimene zimayendetsa masilabasi awiri nthawi imodzi: ya boma la Poland, ndi ina ya m'Chingerezi, kaya ya ku England, ya Cambridge Primary kapena ya International Baccalaureate. Ntchito yanga ndi ya maphunziro a ana a zilankhulo ziwiri, ndipo pa madandaulo onse a makolo pa sukulu zoterezi, pali limodzi limene ndatopa nalo. Kholo limatenga ndandanda wa maphunziro, n'kuwerenga maola a Chipolishi, kenako n'kufunsa kuti fizi yonseyi likulipirira chiyani ngati mwana akutayira nthawi pa chilankhulo chimene amacheza nacho kale ndi agogo ake. Amati m'mera mpoyamba, mwana amizidwe m'Chingerezi akadali wamng'ono, Chipolishi chidzakula chokha kunyumba. Maganizo amenewa amakoma m'khutu, koma ndi olakwika, ndipo wolipira kulakwako ndi mwanayo akafika kalasi 7 kapena 8.

Mu 1979, katswiri wina wogwira ntchito ku Canada, Jim Cummins, adasiyanitsa zinthu ziwiri zimene tonse timangozitcha "kudziwa chilankhulo". Choyamba, chimene m'mabuku athu timati BICS, ndi chilankhulo chochezera: kupempha madzi, kukangana pa mpira, kufotokoza zimene zachitika pabwalo. Chachiwiri, CALP, ndi chilankhulo cha m'kalasi: kufotokoza chifukwa chake chinthu chimachitika, kuyerekeza mfundo ziwiri, kulemba chimangirizo chokhala ndi mutu ndi miyendo. Poona ana obwera kuchokera kumayiko ena, Cummins adapeza kuti chochezera chimabwera m'zaka ngati ziwiri, pamene cha m'kalasi chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri kuti chifanane ndi cha anzawo obadwira m'chilankhulocho. Makolo akamva mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akutchula mawu a Chingerezi ngati wa ku London, amayesa ntchito yatha, chonsecho akumva BICS basi. Chimene amaiwala n'choti Chipolishi cha kunyumba nachonso ndi BICS. Palibe gogo amene pa chakudya chamadzulo amafotokozera mdzukulu momwe dziko la Poland lidagawidwira ndi Russia, Prussia ndi Austria pakati pa 1772 ndi 1795, kapena kumuphunzitsa pamene amalemba ó m'malo mwa u, rz m'malo mwa ż, ch m'malo mwa h. Zilembo ziwiriziwirizi zimamveka chimodzimodzi pakamwa, ndiye khutu silingathandize. Zimalowa polemba ndi pokonzedwa ndi mphunzitsi, chaka ndi chaka.

Umboni wake ali nawo ndi Apolishi eni. Dziko lawo litalowa mu European Union mu 2004, anthu ambiri adapita kukagwira ntchito ku Britain, moti kalembera wa 2011 adapeza anthu pafupifupi 546,000 ku England ndi Wales amene chilankhulo chawo chachikulu chinali Chipolishi. M'nyumba zawo Chipolishi chimalankhulidwa m'mawa ndi madzulo, komabe Loweruka lililonse makolo amaperekeza ana ku sukulu za Chipolishi, zambiri mwa izo zothandizidwa ndi bungwe la Polska Macierz Szkolna limene lakhala ku London kuyambira 1953. Kukadakhala kuti kulankhula kunyumba n'kokwanira, palibe akadadzuka m'mawa wozizira wa Loweruka kukachita zimenezi. Mabanja olankhula Chichewa amene akulera ana ku Manchester kapena ku Leicester nkhaniyi akuidziwa: mwana amamva zonse, amayankha bwino, koma mupatseni pepala kuti alembe kalata kwa azakhali ake.

Ndiye pali mayeso. Chiyambire kusintha kwa 2017, pulayimale ya ku Poland ndi ya zaka zisanu ndi zitatu, ndipo imatha ndi mayeso a boma otchedwa egzamin ósmoklasisty, amene adayamba mu 2019. Mapepala ake ndi a Chipolishi, masamu ndi chilankhulo chakunja, ndipo malikisi ake amawerengedwa posankhira ana ku sekondale. Pepala la Chipolishi limafuna mwana wowerenga zolemba za Adam Mickiewicz za m'zaka za m'ma 1800 n'kulembapo maganizo ake. Mwana wa sukulu ya masilabasi awiri pepala la Chingerezi amalemba akuseka. Chomugwetsa chimakhala pepala la Chipolishi. Ndipo lamulo la ku Poland limati ngakhale m'makalasi otsata silabasi yakunja, ana amene ndi nzika za dzikolo aziphunzira Chipolishi, mbiri ya Poland ndi jogalafe ya Poland m'Chipolishi. M'sukulu za boma, makalasi a zilankhulo ziwiri amayamba pa kalasi 7. Ine ndimaona kuti pamenepa boma limachedwa, koma chifukwa chake ndimachimvetsa.

Chimene makolo owerenga maola sachiona n'choti maola a Chipolishi amagwiriranso ntchito Chingerezi. Mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha pa moyo wake. Akazindikira kuti zilembo zimaimira mamvekedwe, kuti ndime imakhala ndi mfundo yaikulu, kuti nkhani ili ndi chiyambi ndi mathero, nzeru imeneyo amalowa nayo m'chilankhulo china chilichonse. Ndipo Chipolishi ndi khomo losavuta kulowera, chifukwa powerenga, chilembo chimatchulidwa momwe chalembedwera pafupifupi nthawi zonse. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa 2003, woyerekeza zilankhulo zingapo za ku Ulaya, adapeza kuti ana ophunzira kuwerenga m'Chingerezi amatenga nthawi yoposa kawiri poyerekeza ndi a zilankhulo za kalembedwe kolunjika. Apa ndi pamene pali vuto lenileni la masilabasi awiri, limene zikwangwani zotsatsa sukulu sizitchula. Ku England mwana amayamba mamvekedwe a zilembo ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, pamene ku Poland kalasi 1 imayamba pa zaka zisanu ndi ziwiri, pambuyo pa chaka chokonzekera chotchedwa zerówka. Makalendala awiriwa sagwirizana, ndipo sukulu iyenera kusankha chimene chitsogole. Kwa mwana amene kwawo amalankhula Chipolishi, ine ndimati chitsogole Chipolishi, Chingerezi chiyambire pakamwa ndi m'khutu.

Ena amanditsutsa ndi nkhani ya St. Lambert, pafupi ndi Montreal, kumene mu 1965 ana olankhula Chingerezi adayamba sukulu m'Chifalansa chokhachokha ndipo Chingerezi chawo sichidafe. Mtsutso umenewu uli ndi mphamvu, pakuti mwana wa ku Warsaw akufanana nawo anawo: chilankhulo chake chili ponseponse, mumsewu, pa wailesi, m'sitolo. Koma nkhani ya ku Canada imanenedwa theka. Patapita zaka zochepa, anawo ankapatsidwa maphunziro a kuwerenga ndi kulemba Chingerezi, ndipo maola ake ankawonjezeka akamakwera makalasi. Aphunzitsi awo ankamva chilankhulo cha anawo. Zimene zidapambana ku St. Lambert ndi maphunziro a zilankhulo ziwiri omwewa, amene kholo lathu lija likufuna kuwadula mwendo umodzi.

Mtsutso umene ndimaulemekeza kwambiri ndi wa katundu. Masilabasi awiri akhoza kumuphwanya mwana ngati sukulu ingowasanjikiza, m'mawa tizigawo ta manambala m'Chipolishi, masana tomwetonso m'Chingerezi. Mankhwala ake ndi njira imene David Marsh adaitcha CLIL mu 1994, kutanthauza kuphunzitsa phunziro monga sayansi kudzera m'chilankhulo chachiwiri, mphunzitsi akusamala phunzirolo ndi chilankhulocho pamodzi. Mutu umaphunzitsidwa kamodzi, mawu ake ofunika n'kuperekedwa m'zilankhulo zonse. Zimafuna kuti aphunzitsi a mbali ziwirizi azikhala pansi limodzi, ngakhale pa tinthu tating'ono: atatu ndi theka Mpolishi amalemba 3,5 pamene Mngelezi amalemba 3.5, ndipo mwana wosauzidwa amataya malikisi pa kadontho. Apa ndinenepo za mawu oti "native speaker" amene sukulu zimanyadira. Kubadwira ku Leeds si satifiketi ya uphunzitsi. Mphunzitsi wa Chipolishi wodziwa Chingerezi bwino, amene amadziwa pamene ana ake amapunthwa, nthawi zambiri amaposa mlendo amene sangamve funso la mwana wosokonezeka.

Kwa kholo losankha sukulu ndilibe malangizo ambiri, ndipo sangakwanire banja lililonse. Mwana wa alendo amene achoke ku Poland pakatha zaka ziwiri ndi nkhani ina. Iye Chipolishi chochezera chingamukwanire. Koma ngati mwanayo adzalembe mayeso a kalasi 8, pemphani makope a ana a kalasi 6, a zilankhulo zonse ziwiri, muone kutalika kwa zimene amalemba ndi momwe aphunzitsi amakonzera. Funsani malikisi a sukuluyo pa pepala la Chipolishi ndi la masamu, funsaninso kuti aphunzitsi a mbali ziwirizo amakumana kangati pa teremu.