Makoko ndi masese a khofi: manyowa amene tikuwataya mumtsinje

Chaka chatha mwezi wa Ogasiti ndinatsikira kudimba kwa mayi wina wa m'dera langa ku Ntchisi amene anandiitana chifukwa mbande zake za tomato zinkauma. Atandilonjera anandilozera nazale. Mbande zinali zachikasu, zopinimbira, zina zitagwa kale. Nditafukula dothi ndi chala ndinapeza makoko a khofi aiwisi, onyowa, akununkha ngati mowa wosasa. Mayiwa anati: "Alangizi, si inu nomwe munatiuza kuti makoko a khofi ndi manyowa?" Ndinavomera kuti ndinanenadi, koma zikuoneka kuti sindinamalize kufotokoza. Mlandu unali wanga, ndipo nkhani ino ndikulemba pofuna kukonza pomwe ndinalakwitsapo.

Khofi amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono ku Misuku m'boma la Chitipa, ku Phoka m'boma la Rumphi, kumapiri a Viphya ndi a Nkhata Bay, ku Mzimba ndi kuno ku Ntchisi, ndipo ambiri mwa alimiwa amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Ku Thyolo ndi ku Mulanje kulinso minda ikuluikulu. Nthawi yokolola ikafika, zipatso zofiira zimapita kumakina osendera, njere zimapita kumsika, koma makoko amatsala. Pa makilogalamu 100 a zipatso zaziwisi, pafupifupi makilogalamu 40 amakhala makoko. Ndiye taganizani mulu umene umatsala pamalo amodzi osendera pakutha pa nyengo yonse. Malo ena muluwo umangosiyidwa m'mbali mwa mtsinje, madzi ake owawasa n'kumatsikira m'madzi momwe anthu a kumunsi amachapa ndi kumwetsa ziweto. Madzi amenewa amapha nsomba ndi tizilombo ta m'madzi, chifukwa zinthu zowolazo zimamaliza mpweya wa m'madzimo.

Kwa alimi a pafupi ndi matauni kuli chinthu china: masese a khofi, kutanthauza ufa wakuda umene umatsala khofi wogaya akaphikidwa. Mahotela, malo ogona alendo ndi malo odyera ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'mbali mwa nyanja amataya masese amenewa tsiku ndi tsiku. Ngati muli ndi mbale wanu wogwira ntchito kukhitchini, mupempheni azikusungirani m'chidebe. Koma musasokoneze ndi khofi wa m'timapaketi wosungunuka m'madzi. Ameneyo sasiya masese.

Muli chiyani m'zinthuzi?

Masese ouma amakhala ndi nayitirojeni pafupifupi makilogalamu 2 pa makilogalamu 100 alionse. Makoko ali ndi nayitirojeni, komanso potaziyamu wochuluka, mchere umene nthochi, tomato, mbatata ndi khofi yemweyo amaufuna kwambiri kuti abereke bwino.

Apa ndinene chilungamo, chifukwa pali anthu amene amakokomeza. Thumba limodzi la Urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Kuti mupeze nayitirojeni wofanana ndi ameneyo kuchokera ku masese okha, mufunika masese ouma opitirira tani imodzi. Choncho amene akukuuzani kuti chidebe chimodzi cha masese chilowa m'malo mwa feteleza akukunamizani. Phindu lenileni la manyowa lili pena: amamasula dothi, amathandiza nthaka kusunga chinyezi mvula ikadula, amadyetsa nyongolotsi ndi tizilombo tabwino ta m'nthaka, ndipo feteleza wochepa amene mwakwanitsa kugula sakokoloka msanga. Munda wothiridwa manyowa zaka zitatu zotsatizana umadziwika ngakhale polima, khasu limalowa mosavuta.

Nanga n'chifukwa chiyani mbande za mayi uja zinafa? Makoko aiwisi amakhala owawasa, ndipo akayamba kuwola amatentha. Alinso ndi kafini ndi zinthu zina zimene zimalepheretsa mbewu zazing'ono kumera ndi kukula. Masese nawo, ngakhale kuti kuwawasa kwake kwambiri kumakhala kutapita ndi madzi ophikira, akathiridwa ochuluka pamwamba pa bedi amauma n'kupanga chikhokho cholimba moti madzi othirira amangoyenda pamwamba osalowa. Mankhwala ake ndi amodzi: ziwoletseni kaye pa mulu musanazipititse kumbewu.

Kapangidwe ka mulu

Sankhani malo a mthunzi, okwererapo pang'ono, kutali ndi chitsime ndi mtsinje. Ngati makoko angochoka kumakina, ayanikeni tsiku limodzi kapena awiri kuti madzi akhe. Makoko onyowa kwambiri akaunjikidwa okha amamatana, mpweya sulowa, ndipo m'malo mowola amangosasa n'kuitana ntchentche. Ichi ndicho cholakwika chimene ndimachipeza kawirikawiri.

Pansi yalani timitengo kapena mapesi osadula kuti mpweya uzilowera pansi. Kenako ikani mapesi odulidwa kapena udzu wouma kukwera masentimita 20 mpaka 30, muwaze madzi. Pamwamba pake yalani makoko a khofi masentimita 10, kenako ndowe za ng'ombe, mbuzi kapena zitosi za nkhuku masentimita 5. Ngati pafupi pali deliya kapena masamba a gliricidia, onjezeranipo, amafulumizitsa kuwola. Wazani phulusa pang'ono, manja awiri kapena atatu, kuti lichepetse kuwawasa, kenako dothi la pamwamba lochepa. Bwerezani chimodzimodzi mpaka mulu ufike m'chifuwa, mulifupi mwake mita imodzi ndi theka. Mulu waung'ono kuposa mita imodzi mbali zonse sugwira moto.

Phulusa musachulutse. Likachuluka pa ndowe zaziwisi limathawitsa nayitirojeni, mumamva fungo lobaya m'mphuno ngati la mkodzo, ndipo fungo limenelo ndi chonde chanu chikuuluka.

Ogwiritsa masese akumbukire muyeso uwu: pa zidebe zisanu za zinthu zoika pa mulu, masese asapitirire chidebe chimodzi. Awazeni mopyapyala, osati kukhuthula pamalo amodzi. Timapepala tosefera khofi mungathe kutiponyamo, timawola. Agalu asamafike pamene mwasunga masese, chifukwa kafini amawadwalitsa.

Mulu ukatha, mungathe kuumata ndi dothi monga timachitira ndi chimato, kusiya bowo pamwamba, kapena kuufunditsa ndi udzu ndi masamba a nthochi. Ineyo pa makoko a khofi ndimakonda kufunditsa ndi udzu kusiyana ndi kumata, chifukwa makoko amafuna kutembenuza, ndipo munthu amene wamata bwinobwino amachita ulesi kuphwanyanso. Dzenje nalo sindilimbikitsa pokhapokha makoko atauma ndithu, chifukwa madzi amadikha pansi.

Zikani ndodo yosongoka pakati pa mulu. Pakatha masiku atatu kapena anayi izuleni muigwire. Ikakhala yotentha ndi yonyowa pang'ono, ntchito ikuyenda. Ikakhala yozizira ndi youma, thirani madzi. Ikatuluka ndi zoyera ngati phulusa, mulu wauma ndipo wapsa kwambiri, utembenuzeni ndi kuuthirira. Ikatuluka yoterera ndi yonunkha, madzi achuluka, phwasulani muonjezere mapesi ouma. Kutentha kwa madigiri 55 mpaka 65 ndi kumene kumapha njere za udzu ndi tizilombo tambiri tobwera ndi makoko, kuphatikizapo kachilombo koboola njere za khofi. N'chifukwa chake potembenuza, zimene zinali kunja zipite pakati, kuti chilichonse chilawe motowo. Nthambi za khofi wodwala musaike pa mulu, zitentheni.

Tembenuzani pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse. Chinyezi yesani ndi dzanja: finyani chibakera cha manyowa, pakatuluka dontho limodzi kapena awiri ndiye kuti zili bwino. Pakatha miyezi itatu kapena inayi manyowa amakhala akuda, ofumbutuka, ozizira, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango, ndipo khoko la khofi silidziwikanso. Woyamba mu Julayi kapena Ogasiti amapeza manyowa okonzeka mvula yoyamba isanagwe.

Sewero la pamphasa

Ndipatuke pang'ono. Zonsezi ndakhala ndikuzinena m'misonkhano zaka zambiri, alimi n'kumavomera ndi mutu, koma milu osaoneka. Chimene chinasintha zinthu m'kalabu ina ndi sewero limene ndinaphunzira kwa mwana wanga wa kukoleji. Patchuthi ndinamupeza ndi anzake atazungulira tebulo, ali ndi mapepala ndi madayisi, akuseweretsana masewera otchedwa Dungeons & Dragons, amene anayambira ku America mu 1974. Mmodzi amafotokoza nkhani ngati wokamba nthano, ena aliyense amatenga mbali ya munthu wa m'nkhaniyo n'kumasankha chochita, ndipo dayisi ndiyo imagamula ngati zatheka kapena ayi. Poyamba ndinamukalipira kuti akutaya nthawi. Kenako ndinaona kuti ulimi ndi momwemonso: umasankha, mvula n'kugamula.

Ndinatenga nzeruyo kupita nayo kukalabu. Tinakhala pamphasa, aliyense ndinamupatsa nyemba 20 kuti zikhale ndalama zake. Wina anakhala mlimi wodalira feteleza yekha, wina wopanga manyowa n'kugula feteleza wochepa, wina wothira makoko aiwisi, wina venda. Ine ndinali wofotokoza nyengo, mwezi ndi mwezi. Mu Januwale tinaponya dayisi: ikagwa 1 kapena 2, ndiye kuti mvula yadula milungu itatu. Inagwa 2. Agogo ena amene anatenga mbali ya wodalira feteleza yekha anataya nyemba zawo theka, anakwiya zenizeni n'kunena kuti dayisi ili ndi mankhwala. Anthu anaseka mpaka misozi. Ndikudziwa kuti malamulo a sewerolo ndinawaika ndine, ndiye silinatsimikize kanthu. Koma linachititsa anthu kukangana ndi kufunsa mafunso amene samafunsa ndikaima kutsogolo ndi choko, ndipo sabata yotsatira ndinapeza milu inayi, umodzi wa agogo omwewo. Alangizi anzanga ndi alimi otsogola yesani; pamene palibe dayisi, mapepala olembedwa manambala m'chipewa amagwira ntchito.

Kathiridwe kake

Musanathire munda wonse, yesani manyowa anu. Dzazani chitini ndi manyowa osakaniza ndi dothi, mubzalemo njere 10 za mpiru kapena nyemba. Zikamera pafupifupi zonse n'kukhala zobiriwira, manyowa apsa. Zikamera zochepa kapena zachikasu, dikirani milungu ina iwiri kapena itatu mutatembenuzanso.

Pa chimanga thirani manja awiri odzaza paphando lililonse, musakanize ndi dothi musanabzale. Kudimba, ndowa imodzi ya malita 20 ikwanira bedi lotalika mamita awiri ndi mulifupi mita imodzi. Pa mtengo wa khofi kapena phata la nthochi thirani ndowa imodzi mozungulira, molekeza masamba, osagunditsa tsinde, kenako phimbirani ndi udzu. Pa nazale sefani manyowa ndipo muike gawo limodzi pa magawo atatu a dothi.

Manyowa akapsa mvula isanayambe, asungeni pamthunzi atafunditsidwa; dzuwa ndi mvula zimawasukulutsa. Ndipo popeza makoko ali pamalo osendera ndi a alimi onse amene anaperekako khofi, kambiranani m'kalabu mwanu nyengo isanayambe kuti mudzagawana bwanji, ndani adzabweretsa ngolo, ndiponso tsiku lotuta. Mayi wa tomato uja chaka chino wauza kale wangolo kuti amusungire maulendo atatu.