Mlakatuli Pamaso pa Olamula Mzinda

Mkangano wa pakati pa akatswiri a nzeru zozama ndi alakatuli suli wa lero ayi. Plato, mphunzitsi wa ku Athens m'dziko la Greece, amene anamwalira zaka zoposa 340 Yesu asanabadwe, analemba m'buku lake lotchedwa Republic kuti ngakhale pa nthawi yakeyo mkanganowu unali wakalekale.

Ana a Agiriki ankaleredwa ndi ndakatulo za Homer, monga momwe ana akwathu analeredwera ndi nthano za agogo madzulo. Koma ndakatulozo zinkaonetsa milungu ikunama, ikukangana ndiponso ikuchita chigololo. Plato anati mlakatuli amangotengera chithunzi cha zinthu osazidziwa bwino, ndipo amautsa chisoni ndi mkwiyo nzeru zisanaweruze. Tsono mu mzinda wabwino umene iye ankaulingalira, anangololamo nyimbo zotamanda milungu ndi anthu olungama. Alakatuli ena onse ankayenera kuperekezedwa mwaulemu kunka kwina. Mwina iyeyu analinso ndi chifukwa cha mumtima: m'chaka cha 423 Yesu asanabadwe, Aristophanes anaseka Socrates, mphunzitsi wa Plato, m'sewero loonetsedwa pagulu, ndipo mu 399 Socrates anaweruzidwa kuti aphedwe.

Zimene Plato anangozilingalira, Malaŵi anaziona ndi maso. M'chaka cha 1981 Dr Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana ankaphunzira Chigiriki ndi Chilatini. Chaka chomwecho ku London kunasindikizidwa buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods. Mu 1985 bukuli linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo a mabuku, ndipo mu September 1987 mwini wake, amene ankatsogolera gawo la Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa ku Zomba natsekeredwa ku ndende ya Mikuyu.

Komabe pali kusiyana kumene womvera wa ku Area 49 kapena ku Kawale sangakuphonye. Plato ankadandaula kuti mlakatuli amanena bodza mokometsera. Boma la nthawiyo linkaopa kuti mlakatuli akunena zoona mophiphiritsa, monga amachitira mayi pamtondo podzudzula mwamuna wake m'nyimbo osamutchula dzina. Plato anasiyako khomo lotsekula: anati ndakatulo ikadziteteza ndi mfundo zomveka, ibwerere mumzindamo. Mapanje sanapatsidwe bwalo lotero. Anatulutsidwa mu May 1991, atakhala m'ndende zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, osauzidwa konse mlandu wake.