Mapepala atatu a m'sutikesi ya agogo

Titachoka kumanda, azakhali anatsegula sutikesi ya malemu agogo aamuna pakhonde pawo ku Area 47. Pansi pa jekete lonunkha mankhwala a njenjete panali mapepala atatu, ndipo onse ankatsutsana. Chiphaso cha unzika cha 2017 chimati agogo anabadwa mu 1940, chaka chimene anachitchula okha mongoyerekeza. Khadi la ubatizo wa ana la mpingo wina wa Sinodi ya Nkhoma linali la 1948. Pepala la ulendo wa ku Joni ndi WENELA, la 1969, linali ndi dzina la Phiri, pomwe ife tonse ndife a Banda.

Abale anati ndilembe mbiri yawo poti ndine ndinapita kusukulu. Poyamba ndinangondandalika zonse zimene ndinapeza, koma amalume atawerenga anafunsa: "Nanga iwe ukuti chiyani?" Funso limenelo ndilo linandiphunzitsa ntchito.

Ndinayambanso, ndipo mzere woyamba unanena mosazungulira kuti agogo anabadwa cha m'ma 1947. Kenaka mboni iliyonse ndinaifunsa monga amachitira akuluakulu pabwalo la nyakwawa: unalipo kodi, ndipo unalankhula liti? Khadi la ubatizo linalembedwa agogo akadali khanda, ndi munthu amene anawaona ndi maso. Chiphaso chinabwera patatha zaka pafupifupi 70. Mboni yachitatu sinali pepala ayi, koma mlongo wawo wamkulu. Gogo ameneyu sadziwa chaka chilichonse, koma ndimamukhulupirira kuposa chidindo. Anandiuza kuti pa njala ya 1949 ndiye ankawabereka kumbuyo amayi awo akapita kukasuma. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi saberekedwa. Mawu awo ndinawalemba monga anawanenera, ndi tsiku limene tinacheza, osawasakaniza ndi maganizo anga.

Dzina la Phiri linandisowetsa tulo, ndipo ndinafuna kulisiya kuti nkhani iyende bwino. Kuteroko kukanakhala kunamiza adzukulu. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ngakhale ambiri timadziwika ndi chiwongo cha bambo. Amayi a agogo anali Naphiri, ndipo amene anawaperekeza kokalembetsa anali atsibweni awo. Dzina loyamba, mudzi ndi mfumu papepalalo zinali zomwezo za pa khadi. Zaka zinagwirizananso: mnyamata wa zaka 22, Kamuzu asanaletse maulendowa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Pamenepa ndinalemba kuti "zikuoneka kuti ndi munthu mmodzi", osati "ndi munthu mmodzi", ndipo ndinapereka zifukwa zinayizo.

Zonse zinakwana masamba awiri. Ndinakazichulukitsa pa kashopu ka fotokope ku Old Town, kufupi ndi msewu wa Malangalanga, pamodzi ndi mapepala atatu aja, kuti wotsutsa adzionere yekha. Amalume ananyamula makope asanu ndi limodzi kupita nawo kumudzi, ndipo limodzi anakawerengera gogo uja mokweza.