Zinthu 7 zimene ambiri sadziwa pofuna kutsekera zolaula pafoni m'komboni

Mnyamata wina wa ku Chawama, amene timapemphera limodzi, anandikokera kuseri kwa tchalitchi Lamlungu lina, nandipatsa Tecno yake yong'aluka galasi. "Bakamba, ikanimoni chinachake umu, ndatopa." Sanatchule chimene chinamutopetsa, nanenso sindinafunse. Tinathera masana onse tikuyesa mapulogalamu, ndipo zina zimene tinapeza tsikulo ndi m'miyezi yotsatira ndi izi.

1. Pali loko, pali mboni, ndipo ntchito zake n'zosiyana.

Loko imatseka njira: ukalemba adiresi ya malo a zolaula, tsamba silitseguka. Mboni siitseka kanthu kwenikweni. Imajambula zimene zikuoneka pafoni nthawi ndi nthawi, n'kuziziralitsa, n'kutumiza lipoti kwa munthu amene unamusankha. Covenant Eyes, imene Ron DeHaas anayambitsa ku Michigan mu 2000, ndiyo yotchuka pa mbonizi, ndipo pali zinanso monga Ever Accountable ndi Accountable2You. Loko imathandiza amene amagwera m'dzenje mwangozi. Wolifunafuna yekha dzenjelo amaopa diso la mnzake kuposa loko.

2. Loko yabwino ili kale m'foni mwako, ndipo ndi yaulere.

Foni iliyonse ya Android 9 kupita m'tsogolo, kutanthauza ma Tecno, ma itel ndi ma Infinix ambiri ogulitsidwa mu Katondo Street, ili ndi malo otchedwa Private DNS mu Settings. Ukalembamo family.cloudflare-dns.com, malo ambiri a zolaula amaleka kutseguka, kaya uli pa Airtel, MTN, Zamtel kapena pa Wi-Fi ya kuntchito. Cloudflare inayamba zimenezi mu April 2020. CleanBrowsing nayo ili ndi sefa yotero, ndipo sefa yake ya banja imatsekanso malo ambiri a VPN. Palibe chokopera, palibe bando yopita pachabe. Vuto ndi lakuti dzanja limene laika lokoyo likhoza kuichotsa madzi a tiyi asanawire. N'chifukwa chake tinakhoma Settings ndi Play Store ndi App Lock, nambala yachinsinsi n'kukhala kwa ine. Wa iPhone ali ndi Screen Time, imene nambala yake ayeneranso kuilemba munthu wina, mwini foni atatembenuka.

3. Zolaula zambiri za m'komboni sizidutsa pachipata chimene watsekacho.

Apa ndiye panandigwetsa ulesi. Mapulogalamuwa anapangidwa poganizira munthu wa ku America, ali yekha m'chipinda, Wi-Fi yosatha, akulemba maadiresi. Ife bando timaiwerengera ngati mchere wobwereka. Kanema amafika pa gulu la WhatsApp la anzako a kusukulu, pakati pa uthenga wa maliro ndi chithunzi cha zigoli za Chipolopolo. WhatsApp inayamba kubisa mauthenga onse mu 2016, komanso sefa ya DNS imangoona maadiresi, siiona chimene chili mkati. Telegram nayo imadutsa pambali. X, imene kale inali Twitter, inalemba poyera mu 2024 kuti zolaula n'zololedwa, ndipo sefa imene yatseka malo a zolaula kawirikawiri imaisiya X ili chitsegukire. Opera Mini, imene timaikonda chifukwa siidya bando, imadutsitsa masamba pa makompyuta a kampani yake, choncho ikhoza kuizemba sefa.

Ndiye pali njira zosafuna intaneti n'komwe. Anyamata awiri akhala pabenchi ya kometera ku Kanyama, mafoni agundana, Xender yatseguka, wometa asanamalize mutu umodzi makanema makumi awiri asamuka. Ena amapita ndi memore khadi kwa wodzaza nyimbo pamsika n'kunong'oneza kuti awonjezere "zina zija". Palibe sefa padziko imene ingaone zimenezi. Pa foni ya mnyamata uja tinazimitsa zoti WhatsApp izikopera yokha makanema, tinachotsa Xender ndi Opera Mini, ndipo anatuluka m'magulu awiri. Kutulukako kunamuvuta kuposa zonse, poti WhatsApp imauza oyang'anira gulu za amene wachoka, ndipo anzake anamuseka sabata yathunthu.

4. Mboni imalipidwa m'madola, ndipo foni yotchipa imaigoneka tulo.

Covenant Eyes imadya madola oposa 15 pamwezi, ndipo imafuna khadi la kubanki, pamene ambiri ndalama zathu zili mu Airtel Money ndi MoMo. Ukalipira, nkhondo ina ikuyamba: mafoni a memore yochepa amazimitsa okha mapulogalamu ogwira ntchito kuseri pofuna kusunga batire. Mnzako akhoza kulandira lipoti loyera, pamene mboniyo inagona Lachiwiri. Musanalipire, yesani masiku aulere, muilole pulogalamuyo kuti isamazimitsidwe, ndipo muone ngati imachenjeza mnzanu ikazimitsidwa kapena ikachotsedwa.

5. Mboni ikhoza kusanduka kazitape.

Mu September 2022 magazini ya Wired inalemba za mipingo ina ku America imene inkakakamiza mamembala kuika mapulogalamuwa, atsogoleri n'kumaona chilichonse chimene munthu wafufuza. Google itamva, inayamba yachotsa Covenant Eyes ndi Accountable2You pa Play Store. Pulogalamu yojambula foni yako ikhoza kujambulanso pamene ukuwerenga za matenda ako kapena ukukambirana ngongole.

Kuno nkhani imakula chifukwa cha lamulo. Gawo 177 la Penal Code limati kungopezeka ndi zithunzi kapena makanema olaula ndi mlandu, ndipo chilango chikhoza kufika zaka zisanu m'ndende. Ambiri amaganiza kuti mlandu ndi wa wogulitsa yekha. Choncho lipoti limene ukutumizalo si chinthu chopatsa munthu wa pakamwa pofewa. M'komboni makoma ndi opyapyala. Nkhani yonenedwa ku Matero m'mawa imakadya nsima ku George. Ine ndinganene kuti usasankhe bwana wako, usasankhe munthu amene angakutchule pa ulaliki, ndipo uganize kawiri usanasankhe mkazi wako. Iye ayenera kudziwa zoona, inde, koma kumusandutsa mlonda wowerenga malipoti usiku uliwonse ndi kumusenzetsa mtolo umene sanaumange. Malume, mkulu wa mpingo wosunga pakamwa, kapena mnzako amene anadutsamo kale, amenewo ndiwo.

6. Madokotala sanagwirizane zolitcha vutoli ngati la mowa kapena chamba.

Bungwe la WHO, m'buku lake la matenda la ICD-11 limene linayamba kugwira ntchito mu January 2022, linaikamo kulephera kudziletsa pa za kugonana, koma m'gulu la mavuto a kudzigwira, osati la mowa ndi mankhwala. Linanenanso kuti kudziimba mlandu kokha chifukwa cha chikhulupiriro sikukwanira kuti munthu atchedwe wodwala. Katswiri wa za maganizo Joshua Grubbs anapeza kuti anthu opemphera amafulumira kudziona ngati akapolo a zolaula ngakhale amaonera mwa apo ndi apo. M'dziko limene Frederick Chiluba analitcha lachikhristu mu December 1991, zimenezi zikutikhudza. Wina akufunika loko ndi mnzake womumvera basi. Wina, amene ntchito yayamba kutayika, banja likugwedezeka, tulo kulibe, akufunika phungu, ndipo pulogalamu siingalowe m'malo mwake. Lifeline imayankha kwaulere pa 933, ana ali ndi 116, ndipo ku Chainama kuli akatswiri a za maganizo.

7. Chimene chinathandiza kwambiri sichinali pa Play Store.

Titayang'ana mu Digital Wellbeing, pamene foni imalemba maola amene wagwiritsa ntchito, tinaona kuti vuto la mnyamata uja linali ndi nthawi yake: kuyambira cha m'ma 23 koloko, anzake ogona nawo chipinda atayamba mkonono. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, ndipo foni inali tochi, wailesi ndi mnzake wocheza naye mumdima. Mabando ausiku otchipa nawo amagwera maola omwewo.

Anagula katochi ndi kafoni ka mabatani ka alamu. Tecno imagona kwa amalume ake, nyumba yachitatu kuchokera pawo, pamene pali sola yotchajira. Amakaisiya akatha kudya, amakaitenga popita kuntchito. Amalumewo sanafunsepo chifukwa, amangoti, "Wabwera nayo, mphwanga? Ika pamwamba pa kabati." Wagwapo kawiri chiyambire, ulendo wina pa foni yobwereka, ndipo maulendo onse awiri anandiuza yekha lisanafike Lamlungu.